Carl Czerny: kodi adangolemba zolimbitsa zala basi, nanga liwiro lake lija n'lotheka?

Nachisale

Akuluakulu odziwa piyano, ndithandizeni mafunso awiri okhudza Carl Czerny. Dzina lake timaliona pa mabuku a nyimbo zolimbitsa zala okhaokha, monga Op. 599, Op. 849 ndi Op. 299 (Op. ndi nambala ya ntchito ya wopeka nyimbo), koma olemba mbiri amati adali woimba piyano wotchuka komanso katswiri wa malamulo a kapangidwe ka nyimbo. Ukatswiri umenewo uli pati? Kupatula masikelo, manotsi okwera ndi kutsika motsatana aja, adalembanso chiyani?

Funso lachiwiri ndi la liwiro. Pamwamba pa nyimbo yoyamba ya Op. 299 padalembedwa kuti minim, noti yaitali ija, ikhale 108 pa mphindi pa metronome, kachipangizo kogunda koyezera liwiro. Nambala imeneyi ndi yoti munthu aifikedi, kapena osindikiza adalakwitsa? Ndipo wophunzira amene wafika pa bukuli aziyenda nalo bwanji kuti asadzipweteke dzanja?

Mbewe wa ku Organ

Mayi Nachisale, ndiyankhe loyambalo, la liwiro ndisiyire ena.

Czerny adabadwira ku Vienna pa 21 Febuluwale 1791 ndipo adamwalirira komweko pa 15 Julayi 1857. Bambo ake, Wenzel Czerny, adachokera ku Bohemia ndipo ankaphunzitsa piyano, choncho mwanayo adayambira kunyumba. Ali ndi zaka pafupifupi 10, woimba vayolini wina dzina lake Wenzel Krumpholz adapita naye kwa Beethoven. Mnyamatayo adaimba concerto ya Mozart ndi sonata ya Beethoven mwiniwake, ya Pathétique, ndipo Beethoven adavomera kumuphunzitsa. Adauza bambo ake kuti apeze buku la C. P. E. Bach la 1753 lonena za kaimbidwe ka zida za makiyi. Zimene Beethoven ankalimbikira m'maphunzirowo Czerny adazilemba yekha m'mbiri ya moyo wake mu 1842: masikelo m'makiyi onse, kagwiritsidwe ntchito ka chala chachikulu, ndipo koposa zonse legato, kulumikiza manotsi kuti pasamveke mpata pakati pake. Oimba ambiri a nthawi imeneyo adali adakali ndi kaimbidwe kodukizadukiza ka m'masiku a Mozart. Mfundo iyi muisunge, chifukwa ambiri amaimba Czerny ngati makina osokera, pamene mwiniwake adakulira m'manja mwa munthu wofuna kuti piyano iziimba ngati mawu a munthu.

Kuloweza kwake kudali kodabwitsa. Kunyumba kwa Prince Lichnowsky ankangomutchulira nambala ya nyimbo ya Beethoven, iye n'kuiimba pamtima. Mu Febuluwale 1812 ndiye adaimba concerto yachisanu ya Beethoven koyamba pagulu mumzinda wa Vienna, patangopita miyezi yochepa Friedrich Schneider ataiimba ku Leipzig. Adakhalanso mphunzitsi wa Karl, mwana wa mng'ono wake wa Beethoven.

Nanga n'chifukwa chiyani sitimumva ngati Liszt kapena Thalberg, akatswiri a piyano otchuka a nthawi imeneyo? Chifukwa sadayende m'maiko kukaimba. Adayamba kuphunzitsa ali ndi zaka 15, ndipo kwa zaka zambiri ankaphunzitsa kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, anthu ofika 12 pa tsiku, kenaka n'kumapeka nyimbo usikuwo. Makolo ake ankadalira iye. Sadakwatire. Liszt adabwera kwa iye mu 1822 ali kamnyamata ka zaka 10 kapena 11, ndipo Czerny adamuphunzitsa ulere kwa chaka ndi miyezi ingapo, banja la Liszt lisanasamukire ku Paris mu 1823. Adamusiyitsa kaye nyimbo zodzionetsera, n'kumubwezera ku masikelo ndi masonata a Clementi. Liszt sadaiwale: pa Transcendental Études zake za 1852 adalembapo dzina la Czerny pomulemekeza. Wophunzira wake wina adali Theodor Leschetizky, amene adadzaphunzitsa Paderewski ndi Artur Schnabel.

Manambala a nyimbo zake amafika Op. 861, ndipo palinso zambiri zopanda nambala. Iye mwini adazigawa panayi: zolimbitsa zala, zosavuta za ophunzira, zokometsera za m'makonsati, ndi zimene ankazitcha nyimbo zenizeni. M'gulu lomalizali muli masimfone, nyimbo za misa, ma quartet ndi masonata a piyano 11, ndipo zambiri sizidasindikizidwe iye ali moyo chifukwa osindikiza ankafuna zoyenda malonda. Wopeka nyimbo Robert Schumann adamunyoza kwambiri m'nyuzipepala yake ya nyimbo, ndipo kunyozako kudakakamira. Ngati mukufuna kumva mbali inayo, yambani ndi sonata yoyamba, Op. 7 ya mu A-flat, imene Liszt ankaimba, kapena La Ricordanza, Op. 33, imene Vladimir Horowitz adajambula.

Wokonza Mapiyano

Nambalayo si cholakwika, Mayi. Tiyeni tiiwerengere. Minim imodzi ili ndi ma semiquaver 8, timanotsi tothamanga ta m'masikelowo. Mukachulukitsa 108 ndi 8 mupeza manotsi 864 pa mphindi, kapena kuti 14 ndi pang'ono pa sekondi. Powerenga ma crotchet, amene ali theka la minim, ndiye 216, pamene metronome yopukusa ija imathera pa 208. Oimba ena odziwa amafika pamenepo, koma wophunzira amene wangomaliza Op. 849 asayese n'komwe.

Chimene anthu amaiwala n'chakuti piyano ya Czerny si iyi tili nayo lero. Piyano za ku Vienna za nthawi yake zidali ndi chimango chamatabwa, mawaya opyapyala, ndi tinyundo ting'onoting'ono tokutidwa ndi chikopa. Kiyi inkatsika mamilimita 6 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo inkapepuka kwambiri. Piyano ya lero kiyi imatsika mamilimita pafupifupi 10, imafuna kulemera kwa magalamu pafupifupi 50 kuti itsike, ndipo nyundo yake ndi yaikulu, yokutidwa ndi ubweya wothinana. Chimango chachitsulo Alpheus Babcock adachilembetsa ku America mu 1825, ndipo chidatenga zaka kuti chifalikire. Ali mwana Czerny ankaimba pa makiyi 61, ife tili ndi 88. Ndiye kuti pa noti iliyonse chala chanu chikuyenda mtunda wotalikirapo, chikukankha chinthu cholemerapo. Mawu a piyano yakale ankathanso msanga, motero sikelo yothamanga inkamveka noti iliyonse payokha. Pa piyano ya lero liwiro lomwelo limasanduka phokoso, makamaka m'munsi kudzanja lamanzere.

Alipo ena amene amati manambala akalewa aziwerengedwa pogawa pawiri, kuti kugunda kuwiri kwa metronome ndiko kugunda kumodzi. Akatswiri ambiri sagwirizana nazo, ndipo inenso ndili kumbali yawo. Beethoven adalemba minim 138 pa chigawo choyamba cha sonata ya Hammerklavier, ndipo Czerny mwiniwake ankaitenga nambalayo ngati liwiro loopsa lofuna kukonzekera kwakukulu. Ikadakhala yogawa pawiri sakadadandaula nayo.

Kayendetsedwe ka bukuli ndi aka. Op. 299 ili ndi nyimbo 40 m'magawo anayi. Yoyamba ndi masikelo a dzanja lamanja, yachiwiri a lamanzere, yachitatu makodi omwazika, manotsi oimbira pamodzi akuimbidwa motsatana. Palibe lamulo loti muimbe zonse 40. Sankhani 10 kapena 12 zogwirizana ndi vuto la wophunzirayo, ndipo mwa zimenezo zingapo zikhale za dzanja lamanzere, chifukwa bukuli limakondera lamanja.

Ikani metronome pa crotchet 60, manotsi 4 pa kugunda kulikonse. Tengani ma bar, tizigawo ta pakati pa mizere yoimirira, awiri kapena anayi okha, dzanja lililonse palokha. Akamveka ofanana katatu motsatizana, kwezani ndi 4. Mukaphonya kawiri, bwererani ndi 8. Pakati pa 120 ndi 132 ndi pokwanira kwa wophunzira wa pa mlingo umenewu, ndiwo manotsi 8 kapena 9 pa sekondi. Kuthamanga si kufika.

Koma kukwera pang'onopang'ono pakokha kumafika pokanika, kawirikawiri cha pa 100 mpaka 110. Chifukwa chake n'chakuti poimba pang'onopang'ono chala chimakwera m'mwamba ndi kumenya kiyi mpaka pansi, ndipo kayendedwe kameneko sikangathamange. Mankhwala ake ndi timagulu: imbani manotsi asanu, doh mpaka soh, pa liwiro lalikulu, imani, masulani dzanja, kenaka asanu otsatira kuyambira pa noti yomwe mudaimira. Asanuwo akakhazikika pitani pa 9. Onjezani kusinthasintha kautalidwe, lalitali lalifupi, kenaka lalifupi lalitali. Zala zikhale pafupi ndi makiyi.

Pa za kuvulala: chala chachinayi, powerenga kuyambira pa chachikulu, mtsempha wake wochikweza ndi wolumikizana ndi wa chachitatu ndi wa chachisanu, choncho sichingakwere chokha ngati chachiwiri. Kuchikakamiza n'kudziputira kutupa. Schumann adaonongeka dzanja lamanja ali mnyamata wa zaka za m'ma 20 ndipo za kuimba m'makonsati zidathera pomwepo. Mphindi 15 kapena 20 pa tsiku zimakwana pa ntchito yamtunduwu. Kutopa pang'ono si vuto, koma kutentha pamwamba pa mkono, dzanzi, kapena kuwawa pa mfundo ya dzanja ndi chizindikiro chosiya tsiku limenelo. Yang'ananinso mpando: mkono kuchokera pa chigongono ukhale pafupifupi pa mlingo umodzi ndi makiyi.

Nankhoma

A Mbewe afotokoza moyo wake bwino, koma funso la ukatswiri lidakalipo. Uli m'mabuku atatu, ndipo ophunzira ambiri sadawaonepo.

Loyamba ndi Op. 200 ya 1829, lophunzitsa kupeka nyimbo pomwepo uli pa piyano. M'masiku amenewo woimba ankayembekezeka kuyamba ndi kanyimbo kake kotsegulira asanalowe m'nyimbo yolembedwa, ndipo omvera ankatha kumupatsa mutu woti auzungulire. Czerny adalongosola mitundu yake: tinyimbo totsegulira, ma cadenza (pamene woimba amadzionetsera yekha), fantasia (nyimbo yaufulu) ya mutu umodzi, ya mitu ingapo, kusinthasintha mutu umodzi, mpaka fugue, mmene mutu umodzi umalowa m'mawu angapo motsatana. Adati woimba wotere amafunika mphatso yachibadwa, kudziwa bwino mgwirizano wa manotsi, ndi zala zokonzeka. Apa mpamene pali tanthauzo la zolimbitsa zala zija. Masikelo ndi makodi omwazika adali katundu woti dzanja lizikhala naye, kuti mutu ukaganiza chinthu zala zichite nthawi yomweyo.

Lachiwiri ndi Op. 500 ya 1839, sukulu yathunthu ya piyano m'magawo atatu. Gawo lachitatu ndi la kaimbidwe kopatsa nyimbo moyo, ndipo muli mndandanda wa malo oyenera kuchepetsa liwiro, monga pobwerera ku mutu woyamba kapena pofika kumapeto. Mu 1846 adaonjezapo gawo lachinayi, mmene muli mitu iwiri yofotokoza nyimbo za Beethoven za piyano imodzi ndi imodzi, khalidwe lake, liwiro lake, ndi zimene ankakumbukira kwa mwini wake. Aliyense wofufuza kaimbidwe ka Beethoven amadutsa pamenepa. Mmenemu ndimo adalemba kuti woimba asasinthe, asaonjezere, asadule kanthu m'nyimbo za Beethoven. Phunzirolo adalipeza movutikira. Mu 1816 adaimba quintet ya Op. 16 n'kuonjezeramo zokometsera zake, Beethoven adamukalipira pamaso pa anzake, ndipo m'mawa mwake adamulembera kalata yopepesa, koma osabweza mfundo yoti wopeka amafuna kumva zimene adalemba. Brahms adayamikira bukuli polembera Clara Schumann.

Lachitatu ndi Op. 600 ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1840, lophunzitsa kupeka. Ndi limodzi mwa mabuku oyambirira kufotokoza chigawo choyamba cha sonata mmene timachiphunzitsira lero, pamodzi ndi a Anton Reicha ndi A. B. Marx. Mabuku a Reicha ndi Czerny yemwe adawamasulira kuchokera m'Chifalansa kupita m'Chijeremani. Kwa Czerny mbali yoyamba ya chigawochi ili ndi zidutswa zisanu: mutu waukulu, kupitiriza kwake kosamukira ku kiyi yapafupi, mutu wapakati m'kiyi yatsopanoyo, kupitiriza kwa mutu umenewu, ndi kanyimbo kotsekera. Nyimbo ikakhala ya major kiyi yapafupiyo ndi ya soh, monga kuchoka mu C kupita mu G. Mbali yachiwiri imayendayenda m'makiyi ena ndi zidutswa za mitu ija, kenaka mutu waukulu umabwerera kwawo, ndipo wapakati uja nawonso umamvekera m'kiyi yoyamba. Vuto la kafotokozedwe kameneka n'lakuti kamaika maso pa mitu iwiri, pamene Haydn nthawi zambiri ankalowa m'kiyi ya soh ndi mutu woyamba womwewo. Wophunzira amene waloweza Czerny amasakasaka mutu wachiwiri mwa Haydn, osaupeza, n'kumaganiza kuti Haydn ndiye adalakwa. Wolemba za nyimbo Charles Rosen adatsutsa kwambiri chizolowezi chotenga ndondomekoyi ngati lamulo m'buku lake la Sonata Forms la 1980.

Kuti wophunzira apindule ndi mbali iyi, tengani Op. 821, mmene muli tinyimbo 160 ta ma bar 8. Asanaimbe, alembe pansi pa bar iliyonse kuti makodi ndi a doh, a fah kapena a soh. Aone pamene chiganizo chapumira ndi pamene chatsekera. Akatha kuimba monga mwalembedwera, asamutsire mu G ndi mu F popanda kulemba, kenaka asunge dzanja lamanzere n'kupeka zake kumanja. Kanyimbo kamodzi pa sabata motere kamaposa khumi tongothamangitsa.

Chala Chachinayi

Ndiwonjezepo chenjezo, chifukwa tikumutamanda mopitirira. Munthu yemweyu amene adati musasinthe kanthu mwa Beethoven, adasintha zambiri mwa J. S. Bach, bambo a C. P. E. Bach uja. Buku la Bach la Well-Tempered Clavier limene Czerny adalikonza mu 1837 adati lidachokera pa zimene ankakumbukira Beethoven akuimba, ndipo adaikamo zizindikiro za kukweza ndi kutsitsa mawu, za liwiro, ngakhale manotsi oonjezera kumunsi m'malo ena. Prelude yoyamba ya mu C kwa Bach ili ndi ma bar 35. Ya Czerny ili ndi 36, chifukwa adatengera bar ina imene si ya Bach, yotchedwa ndi dzina la woimba wina, Schwencke, yolowetsedwa pambuyo pa bar 22. Ave Maria ya Gounod idamangidwa pa ya 36 imeneyi. Ngati wophunzira akukonzekera mayeso, awerenge ma bar. Akapeza 36, apeze buku lotsatira zolemba za Bach mwini.

Manambala ake a metronome pa masonata a Beethoven nawonso si Uthenga Wabwino. Adawapereka kangapo m'mabuku osiyanasiyana, ndipo pa nyimbo imodzimodzi amasiyana. Amatiuza kuti liwiro lidali cha pati, osati nambala yeniyeni ya Beethoven.

Pa zolimbitsa zala ine sindikhulupirira kubwereza kwake. Mu Op. 337 adalemba kuti kachidutswa kalikonse kabwerezedwe kangati, kena mpaka 20. Pa piyano yopepuka mwina zinkatheka, koma pa ya lero kubwereza kotere kumaumitsa mkono ndipo khutu limasiya kumvetsera. Kasanu mwatcheru n'kokwanira. Ndipo zimene Op. 299 imaphunzitsa zilimonso mwa Clementi, Kuhlau, Haydn ndi Mozart. Debussy adamuseka mwaulemu mu 1915 mu étude yake yoyamba ya zala zisanu, imene adaiika m'dzina la Czerny: noti yachilendo imangolowerera pakati pa doh re mi fah soh ngati mwana wotopa ndi phunziro.

Nachisale

Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Katsala kamodzi, a Wokonza Mapiyano. Pa masikelo a nyimbo yoyamba ija, liwiro likangokwera, noti ya chala chachikulu imamveka mokweza kuposa zinzake ndipo pamakhala kachibwibwi. Chimalakwika n'chiyani pamenepo?

Wokonza Mapiyano

Zifukwa zake zimakhala zitatu, Mayi, ndipo muzione motsatana.

Mu C dzanja lamanja pokwera limayenda 1 2 3 1 2 3 4 kenaka 1 (1 ndiye chala chachikulu), ndiye kuti chala chachikulu chimalowa pa F pambuyo pa chachitatu, ndi pa C pambuyo pa chachinayi. Cholakwika chofala ndi kuchedwa: chala chachikulu chimakhala panja mpaka nthawi yake itakwana, kenaka n'kudumphira. Chiyambe ulendo wake chala chachiwiri chikangoimba, kuti pamene chachitatu chikutsika icho chikhale chayandikira kale. Poyesa, gwirani E ndi chachitatu, muziimba C kenaka F ndi chachikulu mwakachetechete, kakhumi basi.

Chachiwiri ndi mfundo ya dzanja imene imagwa pamodzi ndi chala chachikulu. Kulemera kwa mkono wonse kumathera pa noti imodziyo, n'chifukwa chake imaphulika. Chalachi chiimbe ndi ngodya ya nsonga yake, pambali pa chikhadabo, chikuyenda kuchokera pa mfundo yake ya m'munsi, dzanja lili pa mlingo umodzi. Kwa masiku angapo wophunzira aziimba manotsi a chala chachikulu motsitsa dala kuposa ena onse, mpaka khutu lizolowere.

Chachitatu ndi chigongono chotuluka mwadzidzidzi pa C. Mpata wa pambuyo pa chala chachinayi ndi wautali kuposa wa pambuyo pa chachitatu, ndiye wophunzira amapotoza dzanja kuti afikire. Mkono uziyenda mosalekeza kulowera kumene sikelo ikupita, zala zitaloza pang'ono kumanzere. Kupitirira crotchet 120 chala chachikulu sichilowanso pansi kwenikweni. Dzanja lonse limasuntha kuchoka pa gulu la C D E kupita pa la F G A B, ndipo liwiro limabisa kampata kotsalako. Yesani kuimba maguluwo ngati makodi, C D E pamodzi, F G A B pamodzi, mukusuntha mofulumira koma motsitsa mawu, kenaka muwamasule.

Vutoli likakana kutha mu C, pitani mu B major kwa sabata ziwiri. Kumeneko zala zazitali zimakhala pa makiyi akuda ndipo chachikulu chimapeza mpata wodutsira pansi pake. Chopin ankayambitsira ophunzira ake pamenepo n'kusiya C kumapeto. Mukabwerera ku Op. 299, yambiraninso pa crotchet 72, dzanja lamanja lokha, popanda pedulo.